Dzanja Lamanja la Kadzuwa

Anthu am'mudzi mwathu masiku ano akandiona amayang'ana pansi, ena amapatuka n'kulowera m'mapesi. Azipatuka! Ine Rozi sindinaiwale nkhope ya aliyense amene anatola mwala tsiku lija, ngakhale amene lero akutsogolera nyimbo kutchalitchi.

Mwana wanga Kadzuwa anabadwa bwinobwino. Ali ndi zaka zinayi anadwala malungo aakulu, aja okomola, ndipo amene anamunyamula pa njinga kuchoka kwathu kuno kufupi ndi Golomoti mpaka kuchipatala ku Mua ndi achimwene anga, a Laisoni. Bambo ake a mwanayo anali atapita kale ku Joni, mpaka lero kuli zii. Mwana anachira, koma mwendo wamanja unatsala ukukwekwereza pansi, ndipo dzanja lamanja linafumbata gwa ngati wabisamo kanthu. Zaka zitatu dzanja limenelo silinatseguke. M'kati mwake munkachita thukuta ndi zilonda za zikhadabo, moti Lamlungu lililonse achimwene ankabwera kudzakanula zala zija pang'onopang'ono n'kutsukamo ndi madzi amchere, mwana akulira, iwonso misozi ili lengelenge. Ndikunena izi kuti musaganize kuti achimwenewo ndi chilombo. Ankamukonda mphwawo kuposa ana awo obereka okha.

Chimene chinkandiwawa kwambiri ine chinali kulandira. Kwathu kuno mwana salandira chinthu kwa wamkulu ndi dzanja lamanzere. Amagwada n'kutambasula manja onse awiri. Kadzuwa ankagwada ndithu, koma ankatambasula lamanzere lokha, ndiye alendo osamudziwa ankati, "Ndi wa ndani mwana wopanda mwamboyu?" Tsiku lina pachinkhoswe ndinawatukwana mayi ena aakulu chifukwa cha mawu amenewa, ndipo sindinapepese. Mwanayo anangosiya kulandira zinthu m'manja mwa anthu. Ngakhale amalume ake akamubweretsera bwemba, iye ankati, "Ikani pansi, amalume."

Hilda anayamba kubwera mvula itangogwa. Anali mtsikana woonda wa ku Mtakataka, wogwira ntchito kubungwe lina lothandiza ana olumala, ndipo ankafika Lachinayi lililonse pa njinga yamoto. Tsiku loyamba ndinamufunsa kuti mankhwala ali kuti.

"Mankhwala palibe, mayi a Kadzuwa," anatero. "Ife tizingosewera."

Ndinatsala pang'ono kumuthamangitsa. Kusewera? Ine ndasiya mpunga kumunda kuti mwana azisewera? Koma anatulutsa tabuleti, foni yaikulu ngati buku, ndi gulovu wakuda wokhala ndi waya wopita kutabuletiko. Pagalasi pake panali kambuzi kaludzu katayima pafupi ndi ndowa yopanda kanthu. Kadzuwa akavala gulovuyo n'kusuntha zala ngakhale pang'ono chabe, dontho linkagwera m'ndowamo. Ndowa ikadzaza, kambuzi kankamwa n'kudumpha kakulira kuti mee! Hilda anamufunsa mwanayo kuti akufuna madzi a mtundu wanji, chifukwa mitundu inalipo yambiri. Iye anasankha ofiira, ati ngati juwisi wa pa Khirisimasi. Tonse tinaseka. Ha, tikanadziwa!

Masabata oyamba ndowa sinkafika ngakhale pakati. Mwana ankachita thukuta, mano ali gwa, zala osasuntha, kenako n'kuyamba kulira. Hilda sankamukalipira. Ankangozimitsa tabuleti n'kunena kuti, "Lero kambuzi kagona ndi ludzu. Tidzayesanso Lachinayi." Pochoka ankamusiyira ntchito yotola zivindikiro za mabotolo n'kumaponya m'chitini, kuti dzanja lisagone masiku enawo.

Chitseko amene anayamba kutseka ndine. Ana am'mudzi ankadzadza pakhomo kudzaona kambuzi, ena n'kumamuyeseza Kadzuwa kayendedwe, komanso dzuwa linkathobwa pagalasi. Ndiye ndinkatseka, ndi nsalu yapawindo yomwe. Pofika mwezi wa Malichi zala zinayamba kutseguka, choyamba chamkombaphala, kenako zinzake. Kadzuwa anatigwira pakamwa tonse awiri.

"Amalume musawauze," anatero. "Ndikufuna adzangoona ndalandira ndi manja awiri."

Ine wopusa ndinavomera. Achimwene atabwera Lamlungu ndi mchere wawo ndinawabweza kuti dzanjalo ndikutsuka ndekha masiku ano. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera kwawo.

Mwezi wotsatira mwana anadwalanso malungo, paja kuno kumpunga udzudzu ndi mnansi wathu. Anachira, koma kuchipatala anati magazi achepa, adye zamasamba ndi usipa. Ndi masiku omwewo pamene mphekesera za anamapopa zinafika kwathu, zoti kuli anthu achilendo oyenda ndi timakina akupopa anthu magazi n'kukagulitsa. Palibe amene anawaonapo ndi maso ake. Aliyense anamva kwa mlamu wa mnzake. Ndipo Dorothy, mayi wa nyumba yoyandikana ndi yanga, amene ndinkabwerekana naye mchere ndi moto, anasuzumira pawindo langa pomwe nsalu inang'ambika. Anaona mwana wotuwa, waya kudzanja, ndi ndowa ikudzaza zofiira. Sanabwere kudzandifunsa, ayi. Anakanena kumunda, ku Bwanje, kumene anthu anali pakati pokolola mpunga.

Lachinayi limenelo dzuwa linali pamutu. Tinali m'nyumba atatu, ndowa ya kambuzi ili pakati, ndipo Hilda anali akuwerenga madontho mokweza. Ndinamva mfuu chapatali ndipo ndinaganiza kuti kwagwidwa wakuba mbuzi. Kenako mwala unagwa pamalata, phwaa! Wachiwiri. Wachitatu unabowola windo n'kuphwanya mtsuko pakona, madzi n'kuyenderera mpaka pamphasa pomwe tinakhala.

Ndisanadzuke, chitseko chinathyoka ndi mwendo. Analowa achimwene, ndodo yopunthira mpunga ili m'manja, mankhusu ali mbuu m'mutu. Maso awo anapita pa mwana, pa waya, pa ndowa yofiira.

"Mayo ine, n'zoona!" anakuwa. "Rozi, wagulitsa mwana!"

Anazula gulovu kudzanja la Kadzuwa mwankhanza moti mwanayo anagwa chagada n'kufumbatanso gwa. Amuna awiri analowa pambuyo pawo n'kumugwira Hilda, wina tsitsi, wina mwendo, n'kumukwekweza mpaka pabwalo. Ine ndinamulumphira mmodzi kumsana n'kumuluma khutu. Anandiponya kukhoma, m'maso n'kuchita mdima, koma ndinadzuka n'kutuluka.

Pabwalo panali anthu oposa makumi asanu, ndipo onse ndinkawadziwa mayina. Anabwera molunjika kuchokera kumunda, ndi ndodo zawo, zikwakwa, ena matumba akadali pamapewa. Hilda anagwada pakati pawo, bulauzi itang'ambika, akukweza chiphaso chake cha kuntchito.

"Abambo anga, amayi anga, ndine mwana wa konkuno, wa ku Mtakataka. Awa ndi masewera olimbitsa dzanja. Funsani mayi a mwanayu!"

Bambo wina dzina lake Onani, amene amakonza njinga pamsika, anamulanda chiphasocho n'kumuwomba nacho kumaso, kenako khofi, phaa! Magazi anatuluka m'mphuno.

"Masewera otseka chitseko?" anafunsa. "Masewera oti mwana atuwe chonchi? Tauza anthu, wapopa angati m'mudzi muno?"

Ndinakankha anthu n'kuyima kutsogolo kwa Hilda. Ndinawauza zonse, za malungo, za kambuzi, za mtundu umene mwana anasankha yekha. Ndinamutchula Dorothy dzina n'kumufunsa ngati pakamwa pake panatsekeka kuti alephere kudzandifunsa ine pakhomo pomwepa. Anabisala kumbuyo kwa anzake. Koma palibe amene ankamva, aliyense ankalankhula zake. Pamenepo m'pamene ndinaganiza nzeru imene ndidzafe nayo chisoni. Ndinathamangira m'nyumba n'kutenga tabuleti ndi gulovu.

"Achimwene, valani inuyo!" ndinatero. "Si ndinu mwamuna? Valani pamaso pa anthu onsewa muone ngati muli singano m'menemu!"

"Mayi a Kadzuwa, dikirani, ndiyambe ndasintha," anatero Hilda. Wina anamuponda pamsana asanamalize.

Anthu anayandikira kuti aone. Achimwene anayang'ana m'kati mwa gulovu, anapisamo chala, kenako anaukoka movutikira mpaka unalowa m'chidzanja chawo, wothina ngati khungu. Ndinakweza tabuleti m'mwamba kuti aliyense aone.

"Tambasulani," ndinatero. "Fumbatani. Tambasulaninso."

Chimene sindinkadziwa ine n'chakuti Hilda anatchera makinawo kuti azimva dzanja lofooka la mwana, loyenda pang'ono chabe. Ndowa imene Kadzuwa ankaivutikira theka la ola, dzanja la munthu wopuntha mpunga linaidzaza litangofumbata katatu kokha. Sanali madontho, anali mathithi. Ndowa inangoti psuu mpaka kusefukira, kambuzi kanaviika mlomo, kanamwa gubudu gubudu, n'kudumpha kakulira mee!

"Yadzaza!" anakuwa Dorothy. "Mbuzi ikumwa magazi a Laisoni!"

Achimwene anali atagwira ntchito padzuwa kuyambira mbandakucha osadya kanthu. Anavula gulovu uja, dzanja lili lotuwa chifukwa cha kuthina, ndipo anadzandira.

"Lachita dzanzi," anatero. "Anthu inu, dzanja langa lachita dzanzi. Ndikumva chizungulire."

Basi, zinathera pomwepo. Wina anandilanda tabuleti n'kuiyika pamwala, Onani n'kuiphwanya ndi chidutswa cha njerwa kuti magazi atuluke anthu awaone. Munatuluka magalasi ndi timawaya. Ndinakuwa kuti taonani, mulibe kanthu! Koma wina kumbuyo anayankha kuti, "Apita kale pa netiweki amenewo!" ndipo gulu lonse linavomera ngati m'tchalitchi.

Ndodo yoyamba anamenya achimwene. Hilda anakweza dzanja lamanja kuti atchinge mutu, ndodo n'kugwera pazala. Ndinamva kuthyoka ngati munthu akuthyola nzimbe pabondo. Mtsikanayo analira kulira kumene sindinamvepo kwa munthu, n'kugwa chammbali. Achimwene anaponda mkono wake ndi phazi kuti dzanjalo ligone pansi.

"Ndi limeneli," ankatero. "Ndi limeneli linkamuveka mwana wanga waya."

Anamenya kachiwiri. Kachitatu. Dzanja lija, limene linkasisita zala za mwana wanga ndi mafuta, linasanduka chinthu chosadziwika.

Kenako inayamba miyala. Akazi anzanga, amene ndimatunga nawo madzi pamjigo, ankatola zidutswa za njerwa za khitchini yanga yomwe. Mwala wina unamutema Hilda pachipumi, wina m'nthiti. Anasiya kulira, ankangopuma ngati mbuzi yozingidwa. Ine sindinaganize chilichonse, ndinangodziponya pamwamba pake n'kumukumbatira mutu. Ndodo zinagwera pamsana panga, pamapewa, pamatako. Wina anandimenya chidendene pakamwa ndipo ndinalavula dzino. Ndinawatukwana onse, amayi awo ndi agogo awo omwe, mawu amene sindingawabwereze pano.

"Petulo!" anakuwa wina.

Anagwetsa njinga yamoto ya Hilda, Onani anazula kapaipi n'kukhetsera petulo m'beseni langa lotsukira mbale. Ndinamva kuzizira pamsana, kenako fungo. Anatithira tonse awiri, m'tsitsi, m'makutu, mpaka m'maso munayamba kuwawa ngati tsabola. Anthu anabwerera m'mbuyo n'kupanga bwalo lalikulu.

Achimwene anagwada n'kundikoka tsitsi.

"Choka, Rozi! Choka pamenepo, ndiwe mlongo wanga!"

"Sindichoka! Tiotcheni tonse, mukauze amayi kumanda kuti mwaotcha mwana wawo!"

Anandikoka mpaka tsitsi linatsalira m'manja mwawo, koma ine ndinakolowetsa miyendo yanga m'miyendo ya Hilda. Onani anatulutsa bokosi la machesi m'thumba, koma sanayatse. Anthu amenewa ngakhale pakupha amatsata mwambo! Anawapatsa achimwene.

"A Laisoni, mwanayo ndi wanu. Mwini mbumba ndinu. Woyatsa ndinu, ife sitingakulumpheni. Mlongo wanuyo akamva kutentha athawa yekha."

Achimwene anayimirira, machesi ali m'manja. Anatsegula bokosi. Ndinaona zala zawo zikufunafuna kamtengo, ndipo ndinatseka maso n'kuyamba Atate Athu m'khutu la Hilda.

Ndinamva phazi likukwekwereza m'dothi. Phokoso limenelo ndimalidziwa ngakhale ndili m'tulo. Ndinatsegula maso. Kadzuwa anali atatuluka m'nyumba, ndipo anthu ankamupatukira chifukwa palibe amene ankafuna kukhudza mwana wopopedwa. Anadutsa bwalo lonse lija yekha, pang'onopang'ono, mamina ndi misozi zili kumaso. Anafika pomwe dothi linanyowa ndi petulo, patsogolo pa amalume ake, ndipo anagwada.

"Kadzuwa, thawa!" ndinakuwa.

Sanandiyang'ane. Anakweza manja onse awiri. Lamanzere linatambasuka msanga. Lamanja linali lofumbata, likunjenjemera, ndipo ndinaona mwanayo akuluma mlomo monga ankachitira ndi kambuzi. Chamkombaphala chinadzuka. Chapakati. Zinzake ziwiri zinatsatira limodzi, ndipo pomaliza chala chachikulu chinachoka pomwe chinagona zaka zitatu. Chikhato chinaonekera, choyera ngati m'kati mwa chinangwa, chili ndi timabala ta zikhadabo.

"Amalume," anatero, "ndipatseni."

Achimwene anayang'ana chikhatocho. Munthu wina aliyense pabwalopo akanatha kunena kuti mwina dzanjalo linkatseguka kale, koma osati iwo. Iwo ankadziwa mphamvu imene inkafunika kukanula chala chimodzi chokha.

"Wakutsegula ndani, mwana wanga?"

"Anti Hilda ndi kambuzi. Ndimafuna ndidzakuonetseni mukabwera ndi bwemba."

Anawerama n'kuyika bokosi la machesi m'manja awiri aja, ndipo Kadzuwa anafumbata n'kuliyika pamtima. Achimwene anayang'ana dzanja la Hilda lili m'dothi, anayang'ana ndodo yawo. Anagwira kumutu ndi manja onse n'kubuula ngati ng'ombe.

Musaganize kuti gulu linamva chisoni. Gulu silimva chisoni. Akumbuyo sanaone n'komwe chimene chachitika, ankangokuwa kuti yatsani, yatsani! Onani anati Laisoni amulodza, ndipo anayamba kufunsa amene ali ndi machesi ena. Achimwene anatola ndodo yawo n'kuyima motangadza pamwamba pathu.

"Wofuna kuyatsa ayambe wadutsa pa ine," anatero. "Mwanena nokha kuti mwini mbumba ndine. Ndakana!"

Njerwa inawatema pamwamba pa diso, magazi n'kutsikira m'malaya. Sanasunthe. Onani atayandikira, achimwene anamumenya ndodo ya m'bondo, iye n'kugwa akukuwa. Wina anabwera ndi chikwakwa, anamuphwanya mkono chikwakwa n'kuuluka. Anamenyana okha ndi mudzi wonse, akulira ngati mwana, mpaka amuna ena awiri achikulire anachita manyazi n'kudzayima nawo. Anthu atasowa pothera ukali anakokera njinga yamoto kumsewu n'kuiyatsa. Itaphulika anabalalika, aliyense kulowera kwake ngati sanali pomwepo.

Tinamukweza Hilda pa njinga ya achimwene, yomwe ija inanyamula Kadzuwa zaka zitatu zapitazo. Iwo ankakankha, ine ndikumugwirizira kuti asagwe, dzanja lake titalikulunga m'chitenje changa. Kumsewu wa tala minibasi ziwiri zinatikana chifukwa cha fungo la petulo. Inatinyamula lole ya mpunga mpaka ku Mua. Titafika pageti achimwene anakhala pansi n'kudikira apolisi.

Abale anabwera kwa ine usanayambe mlandu. Ati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ukanene kuti sunaone amene anamenya dzanja. Ndinawauza kuti mkhatewo unasweka kale. Ndinakanena zonse m'khoti, zoti anathyola dzanja ndi iwo, zotinso anatipulumutsa ndi iwo. Achimwene sanakane kanthu. Ali kundende pamodzi ndi Onani ndi ena asanu, ndipo ndimapita kukawaona ndi kathumba ka ufa, ngakhale mpaka lero sindidziwa ngati ndinawakhululukira. Dorothy sanamangidwe. Amandipatsa moni m'mawa uliwonse, ine osayankha.

Bungwe lija linasiya kutumiza anthu m'midzi ya kuno. Ana khumi ndi mmodzi amene Hilda ankawayendera, kuyambira ku Golomoti mpaka kunyanja, anatsala choncho. Mayi wa mmodzi mwa anawo anali m'gulu lija, ndinamuona ndi maso angawa atanyamula mwala.

Patapita miyezi itatu ndinamva kuti Hilda anatuluka m'chipatala ndipo ali kwa mayi ake ku Mtakataka. Ndinazengereza masabata awiri. Ndikanapita ndi nkhope iti? Koma Kadzuwa sanandipatse mtendere, ndiye Lachinayi lina tinakwera minibasi, iye atanyamula chitini chake.

Tinamupeza atakhala pakhonde, ataonda kuposa kale, chipsera chili pachipumi, dzanja lamanja atalibisa m'chitenje. Mayi ake atamva kumene tachokera analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko, ndipo sindinawadandaule. Ndinagwada pansi pa khonde.

"A Hilda, chitseko ndinatseka ndine. Gulovu ndinawaveka achimwene ndine. Ndilibe mawu."

Anayang'ana Kadzuwa, kenako anatenga lalanje m'mbale imene inali pambali pake n'kumupatsa. Mwanayo anagwada n'kulandira ndi manja awiri. Hilda anayang'ana manjawo nthawi yaitali, misozi n'kuyamba kutsika.

"Pepa, Kadzuwa," anatero. "Ndakupatsa ndi lamanzere."

Kadzuwa anayika lalanje pansi, anakwera pakhonde n'kukhala pafupi naye. Anavundukula chitenje chija osapempha. Zala za Hilda zinali zopindikira m'kati, zowuma, ziwiri zitakhotera kumbali. Madokotala anali atamuuza kuti mwina zidzayenda, mwina ayi. Mwana wanga anakhuthula zivindikiro za mabotolo pamphasa n'kuyika chitini pakati.

"Tolani chimodzi, anti. Chimodzi chokha."

"Sindingathe, mwana wanga."

"Tambasulani kaye chamkombaphala. Ine ndikuwerengerani."

Hilda anagoneka dzanja pamphasa. Analuma mlomo, thukuta linatuluka pamphuno, mkono wonse unanjenjemera mpaka m'phewa. Ine ndinayang'anitsitsa chala chija mpaka m'maso munandiwawa, ndikupemphera kuti chisunthe ngakhale pang'ono. Sichinasunthe. Anayesa kachiwiri, kachitatu, kenako anagwetsa mutu n'kuyamba kusisima.

Kadzuwa sanamukalipire. Anatola zivindikiro zija chimodzichimodzi ndi dzanja lake lamanja n'kuziponya m'chitini, anatseka, n'kukankhira chitinicho pamiyendo ya Hilda kuti chitsale komweko.

"Lero kambuzi kagona ndi ludzu, anti," anatero. "Tidzayesanso Lachinayi."